Ngolo ya Lona pa Dambo la Mitayo

Ana a masiku ano akamadandaula kuti nyumba ikudontha, ine ndimangowayang'ana. Ndidagonapo m'kanyumba ka lona pa mvula yoopsa kuposa zonse zimene ndidaziona ku Makanga, ndipo denga lake silidadonthe. Likadadontha mwina ndikadatuluka panja, ndipo bwenzi lero ndilibe nkhani yokuuzani.

Ndine Doroteia. Ndidakhala mzamba wa boma zaka makumi atatu, ndipo tsopano ndimangolima kachewere kuno kwa Ntengo-Wambalame. Zimene ndikunenazi zidachitika m'dzinja la 1985, nkhondo itafika kale kwathu. Tinkayenda ndi katemera m'midzi kuchokera ku Furankungo. Tinkakhala ine, woyendetsa jipi dzina lake Henrique, ndi asilikali anayi otiperekeza. Kumbuyo kwa jipi tinkakoka ngolo imene azungu ena achithandizo adaisiya pothawa nkhondo.

Ngoloyo ikakhala pamsewu inkaoneka ngati bokosi lalikulu la matayala awiri. Koma ukapukusa chitsulo china kumbuyo kwake, denga linkakwera pa mizati inayi, makoma a lona n'kutambasuka, mabedi awiri n'kutulukira uku ndi uku ngati mapiko a nkhuku. Anthu m'midzi adaitcha Kamba. Henrique, Mnyungwe wa ku Tete wa mimba yotsogola, ankamukonda Kamba kuposa mkazi wake. Loweruka lililonse ankapaka kandulo m'misoko yonse ya lonalo, akuimba muluzu. Ndipo tsiku lililonse ankandibwerezera lamulo lake ngati ndine gonthi.

"Lona ili, Dona Doroteia, mvula silimaiopa. Limaopa dzanja la munthu. Mukangolikhudza mvula ikugwa, madzi alowera pomwepo."

Tsikulo tidali m'mudzi wina kuseri kwa phiri. Dzina lake sinditchula, popeza ena mwa anthu ake akadali moyo. Tidabaya ana mpaka dzuwa litapendeka, mitambo ikuda chakumpoto. Ndikutsuka masingano, padafika mayi wina wamtali, a Ernestina. Adagwada chapatali n'kundiuza kuti mwana wawo Marcelina matenda adamuyamba dzulo lake, mimba yoyamba, ndipo azamba a m'mudzi zawakanika.

Mkulu wa asilikali aja adayang'ana kumwamba, kenako adayang'ana ine.

"Maminiti makumi awiri, sinyora. Mtsinje ukadzaza tigona kuno, ndipo kuno si kogona."

Sankanama. A kutchire, omenyana ndi boma aja, ankabwera m'mudzimo usiku kudzatenga ufa. Aliyense ankadziwa, koma panalibe woyankhula.

Marcelina ndidamupeza pa mphasa, kamtsikana kowonda, milomo itauma ndi kulira. Ndidagwira ntchito yanga, mwana n'kutuluka. Adali wamkazi, chingwe cha mchombo chitamuzunguliza m'khosi kawiri. Adali wotuwa, wolobodoka ngati nsanza, osalira.

Amene adatiphunzitsa uzamba ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wotere umamuyamwa mamina, umamutikita msana, umamuuzira mpweya m'kamwa, umadikira, umayambanso. Ndidabwezapo ana ambiri motero, ena nditalimbana nawo theka la ola. Uyu ndidangomumenya kumapazi kawiri, n'kuika khutu pachifuwa pake. Panja jipi inkaliza hutala osalekeza. Hutalayo ndidaimva bwinobwino. Mtima wa mwana sindidaumve, komanso sindinganene kuti ndidamvetsera.

"Wapita," ndidatero.

Palibe adalira. Mwana wobadwa wakufa ndi mtayo, ndipo mtayo saulira, sagona nawo m'nyumba, amuna sauona. Amayi okha amapita nawo kudambo tsiku lomwelo. Dzenje lake silizama, chifukwa amati ukakumba lakuya umakwirira pamodzi ndi uchembere wa mayi. Amangofukula pang'ono, kumugoneka, kumuvundikira ndi phale, kuthira dothi lochepa, pamwamba n'kuika minga. A Ernestina adamukulunga mwanayo m'kansalu kofiira. Ine ndidamubaya Marcelina jekeseni woletsa magazi, n'kuthamangira ku jipi ndisadasambe ndi m'manja momwe.

Injini ya jipiyo idakana kulira. Ola lathunthu ndidakhala pa bokosi la katemera, dzanja pachibwano, ndikuonerera amuna akukankha galimoto, Henrique akutukwana m'Chinyungwe. Ndili pomwepo ndidaona amayi anayi akutsika ndi kanjira ka kudambo, wina ali ndi khasu, a Ernestina atafukata kansalu kofiira kaja. Mumtima mudandilasa. Ndidaganiza zowaitana kuti ndimuonenso mwanayo. Koma mzamba wa boma, wovala zoyera, amene wanena kale pamaso pa anthu, angayambe bwanji kunena kuti tadikirani kaye? Ndidayang'ana kumbali.

Msewu wochoka m'mudzimo umazungulira phiri n'kudzatsikira padambo lomwelo. Tidafikapo kukuchita chisisira, madontho akuluakulu atayamba. Jipi idatitimira m'matope mpaka m'mimba. Kutsogolo mtsinje udali utayamba kale kukokoma, kusonyeza kuti kumapiri mvula idagwa kalekale. Asilikali adamasula ngolo, n'kuikankhira pambali pa msewu, pamalo okhawo osalala, pafupi ndi chulu.

Henrique adayamba kutsitsa miyendo ya Kamba. Ine ndidaima ndi bokosi langa ndikuyang'ana pansi. Ndidaona timitumbira ting'onoting'ono tomera udzu, zibenthu za mapale, minga youma. Ndipo panali kamodzi ka dothi latsopano, minga yake yaiwisi, mapazi a amayi atazungulira. Henrique atakoka bedi lakumanzere, lidatulukira pamwamba penipeni pa kamtumbira kameneko, n'kukaphimba ngati khonde.

Mwamuna sangadziwe malo otere, makamaka wobwera. Ine ndidadziwa. Ndikadangonena kuti tisunthe pang'ono. Koma mvula idali itakhuthuka, asilikali atakwiya, ndipo ndikadayenera kufotokozera amuna asanu zinthu zimene amuna sauzidwa. Ndidakhala chete kachiwiri tsiku limenelo.

"Pronto, zatheka! Hotela yanu iyo," adatero Henrique, akupukuta madzi kumaso. "Mugone bedi ili lakumanzere, linalo ndaikapo mankhwala. Lona musalikhudze."

Iye adakagona m'jipi, mapazi ngati zana kuchoka pangolo. Asilikali sankagona pafupi ndi galimoto, choncho adakwera m'miyala ya paphiri. Mkulu wawo asanapite adasuzumira pakhomo.

"Nyali ayi. Kutuluka ayi. Chilichonse choyenda usiku uno tiombera, tifunsa mawa."

Ndidatseka zipi ya pakhomo, n'kugona chagada ndi nsapato zomwe.

Mvula ija sindidzaiiwala. Idayamba ndi matalala, akugunda denga ngati wina akukhuthula chimanga. Kenako mphepo. Inkabwera kuchokera kumtsinje, kulikankha lona mpaka kutsala pang'ono kundikhudza mphuno, n'kulisiya, n'kubweranso. Mizati inkalira. Ngolo yonse inkagwedezeka, ine nditagwira m'mphepete mwa bedi. Pamwamba panga madzi adadikha palona n'kupanga chimimba cholendewera, ndipo ndinkangodikira kuti ching'ambike. Sichidang'ambike. Mphepo ikabwera inkachikhuthulira kunja, khwaa, chiyambirenso kudzaza. Miyendo iwiri ya mbali yanga idatitimira pang'ono, bedi n'kupendekera pansi. Koma mkatimo mudali gwa, mouma. Kandulo ya Henrique idagwira ntchito.

Lona limatchinga madzi, koma mawu silitchinga.

Mphepo itapuma pang'ono, ndidamva kulira. Kochepa, kosasa, kodukaduka. Ndidati ndi achule. Kudalekeza. Kudayambanso. Ndidati ndi changa, popeza changa amalira ngati khanda ndithu, ndipo alendo ambiri adapusitsidwapo naye. Koma changa amalira mumtengo. Uku kunkachokera pansi pa msana wanga.

Ndamva ana akulira koyamba mazanamazana. Ndimadziwa kulira kwa mwana wanjala, kwa wozizidwa, kwa wobadwa masiku asanakwane. Uku kudali kwa mwana amene mpweya waupeza mochedwa, ndipo akuumenyera.

Ndidadzuka. Ndidakwawa mpaka pakhomo. Ndidagwira zipi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti chidandiletsa ndi mfuti za paphiri. Ndakalamba, lekani ndinene zoona. Mumdima umenewo ndi mvula imeneyo, msilikali sakadaona munthu wokwawa pansi pa ngolo. Nthawi zina ndimati ndinkaopa mizimu, poti ndidagona pamanda. Nazonso ndi zoona pang'ono chabe. Chimene ndinkaopa kwenikweni ndi kumupeza ali moyo. Ndikadakwera naye kumudzi m'mawa n'kunena chiyani? Kuti Dona Doroteia adakwiriritsa mwana wamoyo chifukwa cha hutala? Nkhani ikadafika ku Furankungo ine ndisanafike. Ndidagwada pamenepo, zala zili pazipi, ndikupempha Mulungu chinthu chimene mzamba sayenera kupempha. Ndinkapempha kuti kulirako kuleke.

Sikudaleke. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndidabwerera pabedi n'kufunda bulangeti kumutu. Sindikudziwa kuti padapita nthawi yaitali bwanji. Kenako ndidamva mapazi m'matope. Tchapa. Tchapa. Oyenda pang'onopang'ono, ngati a munthu wodwala. Sankachokera ku jipi. Ankatsika ndi kanjira ka kumudzi.

Ndidadikira kulira kwa mfuti. Sikudamveke.

Mapazi adafika pambali pa bedi langa n'kuima. Ndidavundukula diso limodzi. Mphezi itang'anima ndidaona chithunzi palona, cha munthu wamfupi, wowerama, dzanja limodzi litagwira pamimba.

"Odi, anamwino."

Mawuwo ndidawadziwa. Ndidawamva masana omwewo akubuula pa mphasa. Koma Marcelina ndidamusiya wosatha ngakhale kukhala tsonga.

"Anamwino, muli maso, ndikudziwa. Akulira. Inu simukumva?"

Ndidaluma bulangeti.

"Amayi akundikaniza. Akuti inu mwanena kale. Tandithandizeni kuchotsa mingayi, manja anga alibe mphamvu."

Sadakalipe. Sadatukwane. Ankapempha mwaulemu, monga mwana wa kumudzi amapemphera munthu wa boma. Akadanditukwana mwina ndikadapeza mphamvu.

Kenako lona lidafutukira mkati pafupi ndi nkhope yanga. Chidali chikhatho, zala zisanu, chikutsamira kuti mwini wake agwade. Pomwe padakhudza zalazo madzi adayamba kulowa. Dontho, dontho, dontho, kugwera pa tsaya langa. Adali ozizira, koma sindidasunthe, kuopa kuti bedi lingalire.

Chikhatho chidachoka. Pansi panga ndidamva minga ikukokedwa, wina akuusa moyo ikamubaya. Ndidamva dothi likufukulidwa ndi manja. Ndidamva phale likugunda mwala, gobede. Kulira kuja kudakwera mwadzidzidzi, koyera, kopanda chotchinga, kulira kwa khanda lenileni.

"Shii, shii, mama. Ndabwera."

Kulira kudaleka. M'malo mwake kudamveka kaphokoso kamene mzamba aliyense amakadziwa ngakhale ali m'tulo, ka mwana amene wapeza bere.

Adakhala pamenepo pansi pa bedi langa nthawi ndithu, mvula ikuwomba. Pakati pa ine ndi iwo padali thabwa limodzi ndi matiresi. Ndikadangotsitsa dzanja kunja ndikadamugwira mutu. Ndikadangoti lowani muno, mouma. Bedi lina lidalipo, mabulangeti adalipo, mankhwala adalipo.

Kenako mapazi adayambanso. Tchapa. Tchapa. Ndidatchera khutu kuti ndimve ngati akukwera kumudzi. Mphepo idabwerera nthawi yomweyo ndi ukali wake wonse, ndipo mpaka lero sindinganene ngati adalowera kumtunda kapena kumtsinje.

Kutayamba kuyera, mvula idasanduka yamawawa. Ndidatsegula zipi n'kutsika. Mapazi onse mvula idafufuta. Pansi pa bedi pokha ndi pamene padali pouma pang'ono. Ndidawerama n'kusuzumira.

Dzenje lidali pululu. Munalibe mwana, munalibe kansalu kofiira. Minga idaunjikidwa mbali imodzi. Phale lidaikidwa pambali bwinobwino, lopenya kumwamba, losasweka. Fisi saika phale chotero.

Ku jipi kudali zii, Henrique akadali m'tulo. Paphiri sipadaoneke munthu. Sindikumbuka kuti ndidaganiza chiyani. Ndidangoona manja anga akugwira ntchito. Ndidakwawira pansi pa bedi, ndidavundikira phale m'dzenje lopanda kanthulo, ndidakokera dothi, ndidaumba kamtumbira monga kadalili. Ndinkabwezera minga pamene ndidamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga.

Adali a Ernestina ndi amayi ena awiri. Adafunda nsalu kumutu, maso ali ofiira. Ndidatuluka chokwawa, yunifomu yanga yoyera ili matope okhaokha, minga ili m'manja. Ndidati basi, andigwira.

A Ernestina adakhala pansi pa udzu wonyowawo.

"Marcelina watisiya, anamwino. M'bandakucha uno. Magazi."

Minga ija ndidaiika pansi, iwo akupitiriza.

"Usiku wonse amangoti mwana akulira, mwana akulira kudambo. Amafuna kudzuka. Tidachita kumugwira anthu atatu. Tidamuuza kuti iwe, anamwino anena kale, munthu wophunzira sangalakwe pa zotere."

Mmodzi wa amayi aja adayang'ana pansi n'kunong'ona, ngati akuuza udzu.

"Koma tidaodzerako pang'ono. Podzidzimuka tidamupeza pamphasa pomwepo, nsalu yake ili chonyowa ngati waviika mumtsinje. Chonsecho nyumba ija sidontha."

"Lidali thukuta," adadula a Ernestina. "Usayambe zimenezo."

Ndidamva pambuyo pake kuti m'mudzimo nkhaniyo idagawa anthu. Ena ankati mtsikanayo adatulukadi, ndipo ulendowo ndi umene udamutsiriza magazi. Ena ankati thupi silidachoke pamphasa, chidapita ndi chimene chimapita munthu akatsala pang'ono kufa. Onsewo ankakambirana za mayi yekha. Za mwana panalibe wofunsa, popeza aliyense adamva kuti manda adapezeka ali bwinobwino.

A Ernestina adayang'ana ngolo, adayang'ana kamtumbira, adayang'ana manja anga.

"Tabwera kudzaona ngati mvula yafukula. Timaopa kuti tipeza agalu atayamba kale. Ndiye inu mwaimika nyumba yanu pamwamba pake kuti asanyowe. Mwagona naye usiku wonse. Mwadzuka m'mamawa kumukonzera." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ife tinkati anthu a boma alibe mtima."

Ndikadafuna dothi lija lindimeze. Ku jipi chitseko chidalira, Henrique adayamba kubwera akudziwongola, koma ataona amayi atakhala pansi adaima patali n'kutembenuka.

A Ernestina adasendera pafupi. Adatsitsa mawu, monga amayi amachitira pofunsana za kudambo.

"Inu mwaonamo. Alimo bwinobwino?"

Adandiyang'ana m'maso, mayi amene wataya mwana ndi mdzukulu nthawi imodzi. Akadamva zoona, bwenzi amuna a m'mudzi atatsika ndi mtsinje m'mawa womwewo, kuyang'ana m'mabango ndi m'matchire. Mwina sakadapeza kanthu. Mwina akadapeza kansalu. Mwina kadzuwa kadali kasanatuluke kwenikweni, ndipo penapake pansi pa chitsamba padali kanthu kofiira kakupumabe.

"Alimo, mayi," ndidatero.

Adawomba m'manja katatu, pang'onopang'ono. Kenako adamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa mazira awiri owiritsa, akadali ofunda. Adati sangandilole kupita ndi njala nditawachitira zotere.

Ndidalandira ndi manja awiri.